Tsiku Limene Bambo Anatchera Apongozi Awo Mfuti

Ndikukumbukira bwino chaka chimene bambo anga anabwerako ku nkhondo ya azungu ija. Ndinali kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, mano akutsogolo atangomera kumene, aakulu ngati makasu. Tinkakhala kwawo kwa amayi, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, pakati pa Utale ndi Nkaya, kumene sitima tinkangoimva kulira koma osaiona. Bambo kwawo kunali kumapiri a Machinga, choncho pamudzi pathu anali mkamwini chabe. Koma mukanaona kayendedwe kawo, mukanati dziko lonse kuchokera ku Shire analigula okha.

Anabwerako ndi majombo, jasi lalitali lopitirira m'maondo, wezulo, ndi mawu aakulu oti akamaitana galu mbuzi zonse zinkabalalika. Anthu anawatcha a Kopolo. Kaya ukopolowo anapatsidwadi ku Keyala, kuusilikali kuja, kaya anadzipatsa okha m'sitima pobwerera, ine sindidziwa mpaka lero. Nyumba yathu ndiyo inali yoyamba pamudzipo kukhala ndi chitseko cha matabwa, ena onse akutsekabe ndi cha bango. Pabwalo pathu ankafuna pazikhala posesa mbee, popanda ngakhale kaudzu kamodzi. "Nyumba ya msilikali ndi kampu," ankatero. "Wolowa osaodira ndi mdani."

Koma panali munthu mmodzi amene a Kopolo ankamuopa kuposa mabomba: apongozi awo, agogo anga aNangozo, mayi awo a amayi. Inu achinyamata a masiku ano, amene mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu n'kumaseka nawo chikhakhali, simungamvetse. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, ndipo sankalankhulana popanda munthu wapakati. Akakumana munjira, mmodzi ankapatukira kutchire, n'kunjuta atayang'ana kumbali, n'kumaomba m'manja mpaka winayo atadutsa. Tsiku lina bambo ataona agogo akubwera, anadumphira patchire osayang'ana, pomwe panali chitedze chokhachokha. Anadzikanda mpaka dzuwa kulowa, koma sanadandaule. Anati bola chitedze.

Tsono bambo ankalima fodya wa labu kudimba. Akauma ankamupota ngati nkhata n'kumupachika kudenga, mkati mwa nyumba. Anali fodya waukali, woti ukangolowa m'nyumba maso ankayamba okha kutuluka misozi. Agogo nawo anali kapolo wa fodya wa mphuno. Akapanda kukoka m'mawa, tsiku lonse ankakangana ndi nkhuku. Koma apongozi athunthu angapemphe bwanji fodya kwa mkamwini? Manyazi ake! Ndiye agogo anapeza njira yawoyawo.

M'mawa uliwonse bambo ndi amayi ankatsikira kudimba, ine n'kutsala pakhomo kuingitsa nkhuku pa mphale yoyanika pamphasa. Dzuwa likakwera pang'ono, ndinkamva ndodo ikubwera, go, go, go.

"Mkazi mnzanga," ankatero agogo, poti ndi mmene ankandiitanira mondiseleula, "a Kopolo aja apita?"

Ndikavomera, ankakankha chitseko, kukokera pansi nkhata ija ndi ndodo, kudulako kachidutswa ngati chala, n'kubwezera. Potuluka ankandifumbatitsa mtedza wokazinga. "Nthaka imene amalimapo ndi yanga, ndiye sindikuba, ndikungolawa. Koma ukaulula, pa chinamwali chako sindidzavina." Kwa mwana wamkazi wa nthawi imeneyo chiopsezo chimenecho sichinali chamasewera. Ndinatseka pakamwa.

Nkhata inayamba kuchepa, ndipo bambo anazindikira. Anafunsa amayi. Amayi, amene ndikukhulupirira kuti ankadziwa zonse, anayang'ana pansi n'kuti mwina ndi makoswe.

"Khoswe wake uti wodula ndi mpeni?" anabangula bambo. "Khoswe wotseka chitseko akamatuluka?"

Anandifunsa ine. Ndinati sindinaonepo munthu wachilendo, ndipo si bodza, chifukwa agogo sanali mlendo. Bambo anaganiza kuti wakubayo ankadikira ndikapita kuthengo kapena ndikamasewera ndi anzanga. Chinawapweteka si fodyayo ayi, koma kunyozeka. Msilikali wathunthu, wobwerako kutsidya la nyanja, kumaberedwa masanasana!

Loweruka lina amayi analawirira kudimba, bambo n'kutsalira. Anatulutsa jasi lawo n'kuliyanika pamtengo wa nkhokwe, moyang'anana ndi khomo, kuti lipitidwe mphepo. Kenako anasolola pansi pa mphasa chinthu chimene anabwereka kwa mnzawo wina wa kutsidya la mtsinje: mfuti ya gogodela, zija zothira onga kukamwa, imene mwini wake ankatchera nguluwe m'munda wa chinangwa. Anathiramo onga, tizidutswa ta misomali, ndi mwendo wothyoka wa mphika wachitsulo. Anaimika mtondo pakati pa nyumba, pamwamba pake anasanjikapo bokosi, n'kumangirirapo mfutiyo ndi luzi. Anakaima okha pakhomo n'kuyeza kuti kamwa la mfuti liloze pachifuwa pawo penipeni. Atakhutira, anandigwiritsa chingwe chochokera pa kachitsulo kowombera, iwo n'kutuluka nane mosamala, n'kumangirira chingwecho kuchitseko kudzera pampata.

"Teleza," anatero, atandigwira phewa, "lero iwe ndi msilikali. Chitseko ichi usachikhudze. Ndipo msilikali saulula chinsinsi cha kampu, ngakhale kwa amake. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anavala majombo n'kutsikira kudimba akuimba mluzu.

Abale anga, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kusenza zinsinsi ziwiri, china cha fodya china cha mfuti, ndipo zonse zikudutsa pakhomo limodzi! Mutu unangoti balala. Ndinakhala pamphasa ndikupemphera kuti agogo lero adwale ngakhale chimfine. Nkhuku zinadya mphale mmene zinafunira. Mwana ndi mwana: pakati pa nkhawa yonseyo ndinaona kuti mphale yamwazikira pansi, ndinadzuka kuti ndikatenge lichero m'nyumba, ndipo dzanja linali litafika kale pathabwa pamene ndinakumbukira. Ndinabwerera chafutambuyo.

Posakhalitsa, go, go, go.

"Mkazi mnzanga, a Kopolo aja apita?"

"Iyayi agogo, ali m'nyumba, agona."

"Bodza. Ndawaona ndi maso angawa akutunga madzi kumtsinje. Patuka."

"Muli njoka, agogo! Yaikulu, yakuda!"

"Njoka ndinayamba kupha amako asanabadwe. Patuka ndati."

Ndinathamanga n'kukaima pakhomo nditatambasula manja. Agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ha! Taonani magazi a ku Machinga. Wayamba kale kuumira ngati abambo ako? Mtedza wanga wonse uja unapita kuti?" Anandikankhira pambali ndi ndodo. Ine ndinagwa n'kuwakumbatira miyendo, kulira kwake kosati masewera. Chinamwali, usilikali, zonse ndinaziiwala.

"Muli mfuti, agogo! Ababa atchera mfuti! Mukakankha chitseko mufa!"

Agogo anaima chilili. Kenako anaseka. "Mfuti? Chifukwa cha fodya? Mwana iwe ukudziwa kupeka." Komabe anaona mmene ndinkalirira, ndipo anati aone okha. Anazula nsungwi yaitali pampanda wa bafa, anandikankhira kuseri kwa nyumba, iwo n'kuima chammbali, atatsamira khoma. Anatambasula nsungwi ija n'kukankha chitseko pang'ono chabe.

Phuu!

Sindinamvepo phokoso lotero chibadwire. Udzu wa padenga unagwa, utsi unatuluka paliponse, nkhuku zinaulukira m'mitengo. Agogo anagwa chagada pakhomo pomwepo. Sanalasidwe ngakhale pang'ono, koma miyendo inawathera mphamvu. Ndinawakoka dzanja, osatheka kudzuka. Ndiye tinamva wezulo kuchokera kumtsinje, ndi majombo akubwera, di, di, di, ndi mawu a bambo akufuula, "Ndamupeza! Lero ndamupeza!"

Taganizani vuto la agogo. Mkamwini akubwera, iwo ali chigonere pakhomo pake, kuthawa sangathe, ndipo pabwalo lonselo panalibe ngakhale kachitsamba kobisalapo, poti mwini wake ankasesetsa ngati pa kampu. Anachita chokhacho chimene mwambo unawasiyira. Anakoka nsalu yawo yakuda ya biriwita n'kudzifunditsa kumutu konse mpaka m'maondo, n'kungoti zii.

Bambo anatulukira ali wefuwefu, khasu lili m'mwamba. Anaona utsi, anaona bowo pachitseko, anaona munthu ali gone atafunditsidwa nsalu. Kenako anaona mapazi. Nkhope ya apongozi awo mwina sankaidziwa bwino, poti sanaiyang'anepo, koma mapazi aja, ang'aluang'alu, okhala ndi chikwinjiri chamkuwa kumwendo wakumanzere, anali atawayang'ana zaka zonse za ukwati wawo. Wezulo inagwa yokha pakamwa.

"Teleza! Ndani uyu?"

Ine makutu anali akulirabe, ndikusisima. Zimene zinatuluka ndi zoti, "Agogo... chitseko... mfuti..." Mawu atatu amenewo anamaliza ntchito. A Kopolo anagwada n'kugwira kumutu. "Mayo ine! Ndapha apongozi! Mayo, ndapha mwini mudzi!"

Anthu anakhamukira pakhomo pathu. Amayi anafika akudzigwetsa pansi, akulira maliro enieni. Pambuyo pawo panabwera atsibweni anga a Fabiano, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito ya umesenjala kukhoti la ku boma, ndipo tsikulo anali pamudzi akukonza njinga yawo. Anali munthu wofatsa, wosathamangira kulankhula. Anagwada, anatukula kansonga ka nsalu, anasuzumira, n'kubwezera pang'onopang'ono. Anadzatiuza pambuyo pake kuti mtembowo unawatsinzinira diso. Ananong'oneza amayi kanthu kukhutu, ndipo kulira kwa amayi kunasintha. Anadzitseka kukamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, anthu n'kumati chisoni chawakulira.

Atsibweni anaimirira nkhope ili gwaa. "Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndinatchera wakuba, alamu! Sindinadziwe! Nyumba ndi yanga, fodya ndi wanga. Kodi lamulo silindilola kuteteza nyumba yanga?"

"Limakulolani," anatero atsibweni. "Koma ine ndimaima pakhomo la khoti tsiku ndi tsiku, ndipo mafunso a woweruza ndimawadziwa ngati katekisimu. Adzakufunsani kuti, munthuyo anali ndi mkondo kapena chikwanje?"

"Anali ndi ndodo yoyendera."

"Anaopseza moyo wanu, kapena wa mkazi wanu, kapena wa mwana?"

"Iyayi."

"Inu munali kuti?"

"Kudimba."

"Ndiye moyo wanu unali pangozi yanji muli kudimba mukuthirira mpiru? Tamverani, alamu. Munthu akakulowerani ndi chida kufuna kukuphani, dzitetezeni ndi mphamvu zanu zonse, ndipo akafera m'manja mwanu, khoti limamva mbali yanu. Wakuba wamba mukuwireni, mugwireni, mummange, mubwere naye ku boma. Koma kupha munthu chifukwa cha katundu, kapena kumulasa kumsana akuthawa, kapena kumutchera ngati nguluwe inu kulibe, kumeneko ndi kupha basi. Akanakhala wakuba weniweni amene wagona apayu, mlandu ukanakhala womwewu. Kundende ya ku Zomba kuli chingwe, ndipo sichifunsa ngati munthu anali kopolo."

Ine ndinkadziwa kuti agogo ali moyo, komabe nditamva za chingwe ndinayambiranso kulira, chifukwa atsibweni ankanena ngati zachitika kale. Bambo anakhala pansi, anavula majombo n'kuwaika pambali bwinobwino. Anatola wezulo n'kundipatsa ine. Kenako anayamba kutsanzika, akulankhula moyang'ana mapazi aja.

"Anali munthu wabwino. Anandipatsa mkazi, anandipatsa malo, anandipatsa dimba. Sananditukwanepo ine ndikumva. Akanangotuma mwana kudzandiuza kuti akufuna fodya, nkhata yonse ndikanawapatsa. Ndikunena pamaso pa anthu, dimba lonse ndikanawapatsa!"

Apo m'pamene mtembo unayetsemula.

Zinapezeka kuti agogo, poona kuti nkhani ikutalika, anatulutsa kachitini kawo ka fodya pansi pa nsalu n'kukokako pang'ono kuti mtima ukhale m'malo, ndipo anapyoza muyeso. Anayetsemula kachiwiri, nsalu n'kuuluka. Kunali chipwirikiti! Amayi ena anataya ana, abambo ena anagwera m'mphale, mkulu wina wa mpingo amene anali atayamba kale pemphero anapezeka kuseri kwa khola. Bambo anadzuka, pakamwa pali yasa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire anayang'anana ndi apongozi awo maso ndi maso. Atazindikira chimene akuchita, anatembenuka msangamsanga, ananjuta atawafulatira, n'kuyamba kuomba m'manja, misozi ili chuchuchu.

Agogo anakhala tsonga, nawonso atayang'ana kumbali, n'kundikodola.

"Mkazi mnzanga, uwauze abambo ako kuti mawu aja ndawamva, ndipo anthu awa ndi mboni. Dimba lonse sindilifuna, ndilibe msana wothirira. Nkhata yokha ija."

Ndinayenda kukafika pamene panali bambo n'kubwereza mawuwo, ngakhale anali atawamva okha.

"Ukawauze kuti atenge," anatero bambo. "Ukawauzenso kuti zikomo chifukwa chosafa."

Koma atsibweni sanaseke nawo. Anati nkhani sinathe. Kutchera munthu mfuti ndi mlandu ngakhale pasafe munthu, ndiponso mfutiyo inalibe chiphaso. Akakanena ku boma, a Kopolo akalowa ndende ndithu. Bambo anazyolika. Amayi tsopano anayamba kulira kwenikweni. Agogo ndiwo anakweza ndodo n'kuloza mwana wawo. "Fabiano, ndinakubala ndine. Ukamangitsa mkamwini wanga, fodya andilimira ndani? Iwe?"

Atsibweni anakanda kumutu, anayang'ana uku ndi uku, ndipo maso awo anagwera pankhokwe. Tonse tinatembenuka. Jasi lija, limene linayenda nkhondo yonse osabooka ngakhale ndi munga, linali ndi chibowo pachifuwa choti n'kulowetsa chibakera, ndipo mwendo wa mphika uja unali utakanirira mumtengo kumbuyo kwake.

"Chabwino," anatero atsibweni. "Wafa pano ndi jasi, ndipo abale ake a jasi sanadandaule. Koma mfutiyi ikuchoka lero, ndipo alamu mulumbire pamaso pa mbumba yonse kuti simudzatcheranso kanthu koposa mbewa." Bambo analumbira. Atsibweni anamasula mfuti ija n'kuimangirira panjinga.

Anthu anabalalika akuseka, ena akuyeserera kuyetsemula kwa agogo. Ine ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Dzuwa litapendeka, bambo anali okha m'nyumba, atatseka chitseko, akuyang'ana mmene thabwa lawo lodula lija linaonongekera. Ine ndinali panja, ndipo monga mwana ndinafuna kuona ngati munthu angaonere mkati pabowopo. Sindinawerame, sindinaimire zala. Ndinangoima mmene ndimaimira n'kusuzumira, diso langa n'kukwana ndendende.

Mkatimo bambo anaona diso langa pabowo.

Ndinamva akukhala pansi ngati thumba lagwa. Patapita nthawi anatsegula n'kundikokera pafupi.

"Teleza, chitsekochi sunachikhudze, eti?"

"Ndinangochigwira pang'ono, ababa. Ndimafuna lichero. Kenako ndinakumbukira."

Kulira kwawo kwa masana kuja kunali kwa phokoso, kwa munthu woopa chingwe. Uku kunalibe mawu. Anandigwira mutu ndi manja onse awiri, manja onunkha onga ndi fodya, n'kumangondisisita pachipumi ndi chala chachikulu, pamalo amodzimodzi. Ine ndinachita mantha kuposa nthawi ya mfuti ija, chifukwa sindinadziwe kuti a Kopolo angathe kukhala chete chotero.

Kuyambira tsiku limenelo, fodya akapotedwa, nkhata yoyamba ndinkapita nayo ine kwa agogo, pamutu, masanasana. Pa chinamwali changa anavina mpaka chikwinjiri chinaduka. Jasi amayi analisoka ndi chigamba cha biriwita, ndipo bambo ankalivalabe. Alendo akafunsa za chigambacho ankangoti, "Nkhondo, achimwene, nkhondo," osatchula kuti nkhondo yake iti.

Lero ndine nkhalamba, ndimakhala ku Balaka m'nyumba ya zitsulo m'mawindo. Akuba ndimadana nawo, musandiyese woyera mtima. Anandiberapo mbuzi, anandiberapo zofunda pachingwe, ndipo ndinawatemberera mpaka mawu anasasa. Koma adzukulu anga akayamba zija zoti wakuba ngofunika kungomupha, kapena zolumikiza magetsi kuchitseko, ndimawakhazika pansi. Ine sindinaphunzire za malamulo, koma ndinamvetsa kuti lamulo lija silikondera wakuba ayi. Limangodziwa kuti moyo umatetezedwa ndi moyo, osati fodya ndi moyo, ndiponso kuti msampha ulibe maso. Chitseko cha nyumba chimakankhidwa ndi ana, ndi apongozi, ndi mnansi wodzapempha moto, kambirimbiri wakuba asanachikankhe n'kamodzi komwe.

Bowo lija bambo sanalitseke. Amayi ankadandaula kuti likulowetsa mphepo ndi udzudzu, iwo n'kumati lisiyeni. Ana ena ankayezedwa msinkhu ndi makala pakhoma, ine ndinkayezedwa ndi bowolo: linatsika kuchoka padiso kufika pachibwano, kenako paphewa. Pamene linafika pachifuwa panga, kunabwera mnyamata wa ku Utale kudzandifunsira. Bambo asanamuonetse munda, asanamuonetse pomanga nyumba, anamutengera pakhomo paja, n'kumugwira chala, n'kuchilowetsa pabowo.

"Uyu ukufuna kukwatirayu," anatero, "diso lake linali apa."